Momwe mungayambitsire mwambo wa nyimbo za jazi ndi za classical m'tauni yaing'ono

M'matauni ngati Dedza, Mulanje ndi Mangochi, tikamva za zoimbaimba timaganiza za zimkuzamawu zogonthetsa m'khutu ndi anthu ovina mpaka mbandakucha. Komatu alipo maimbidwe ena oti anthu amakhala pampando n'kutchera khutu: oyimba atatu kapena anayi, vayolini, gitala, piyano kapena lipenga, m'chipinda chosakula kwambiri. Jazi inabadwira ku New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma kuno si mlendo. Malemu Wambali Mkandawire anaiphatikiza ndi maimbidwe a kumpoto, ndipo Erik Paliani anagwirapo ntchito ndi malemu Hugh Masekela, katswiri wa jazi wa ku South Africa. Omvera alipo. Chosowa ndi munthu wowasonkhanitsa mwezi ndi mwezi.

Yambani ndi kalendala, oyimba pambuyo

Mwambo wa tsiku limodzi umaiwalika sabata isanathe. Sankhani masiku anayi, mwachitsanzo Loweruka lomaliza la mwezi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo muwalengeze onse pakamodzi. Kumapeto kwa mwezi anthu amakhala atalandira. Nyengo ya dzinja ipeweni: mvula ikayamba kumenya malata, vayolini simveka ngakhale kwa wokhala mzere woyamba. Yambani 3 koloko masana kuti oyenda pansi ndi okwera kabaza afike kwawo kusanade, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julayi pamene dzuwa limalowa msanga. Muonenso kuti tsikulo lisagundane ndi masewero a Bullets ndi Wanderers, chifukwa pamenepo mudzaimbira mipando.

Chipinda

Apa m'pamene muyenera kutayapo nthawi. Holo ya tchalitchi kapena ya sukulu yokwana anthu 60 mpaka 100 ndi yokwanira. Holo yaikulu yokhala ndi anthu ochepa imafooketsa oyimba. Pitani nokha pa ola lomwe mwambo udzachitike, muime pakati, muombe m'manja kamodzi. Mawu akabwerera kangapo ngati muli m'phanga, ng'oma za jazi zidzasokoneza zonse. Makatani okhuthala ndi mphasa pansi zimathandizako. Kenaka khalani chete mphindi zingapo. Chigayo chikumveka? Nanga bala ya pafupi, kapena ma minibasi oitanira anthu? Zimenezi simungazizimitse pa tsikulo, ndiye ndi bwino kusaka malo ena.

Magetsi amazima osatsanzika. Vayolini, chelo ndi malipenga sizifuna magetsi, koma kiyibodi ndi gitala ya bezi zimafuna. Batire yokhala ndi inveta ndi yabwino chifukwa siichita phokoso. Ngati ndi jenereta, gulani waya wautali, muiike kuseri kwa nyumba ina.

Oyimba

Haydn ndi Mozart, akatswiri akale a ku Ulaya opeka nyimbo za classical, analembera anthu anayi nyimbo zambiri za zida za nsambo: mavayolini awiri, viyola ndi chelo (zida zonga vayolini koma zokulirapo). Kuwapeza anayi onsewo m'boma limodzi n'kovuta, ndipo musakakamire. Awiri oimba bwino, wa piyano ndi wa vayolini kapena wa chitoliro, amadzaza madzulo onse. Funsani ku nthambi yophunzitsa za luso ndi zisudzo ya University of Malawi ku Zomba, komanso ku Music Crossroads ku Lilongwe. Musaiwale a kwanu komweko: woimba kiyibodi wa ku tchalitchi amene amawerenga manotsi, kapena bambo wopuma ntchito amene ankaimba lipenga m'bandi ya polisi kapena ya asilikali. Manotsi a nyimbo zakale amapezeka mwaulere pa intaneti, pa tsamba la IMSLP.

Piyano yomwe yakhala zaka pakona ya holo musaikhulupirire musanaimve. Chinyezi chimaisokoneza mawu, ndipo amisiri oichuna ndi osowa. Kiyibodi ya makiyi 88 yobwereka ingakupulumutseni.

Zomwe mwagwirizana ndi oyimba, monga malipiro, thiransipoti, chakudya ndi pogona, zilembeni papepala, aliyense asainire.

Zilolezo

Lembani kalata ku khonsolo ndi kupolisi kuwadziwitsa masiku onse anayi. Ofesi ya Censorship Board, yomwe imatsata lamulo la 1968, ndiyo imapereka chilolezo cha zisangalalo zoonetsa pagulu. COSOMA, yomwe yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1992, imatolera ndalama za eni nyimbo. Mozart anamwalira mu 1791 ndipo Haydn mu 1809, choncho nyimbo zawo zilibenso wozilipiritsa, koma zambiri za jazi ndi za oyimba athu zili ndi eni ake. A COSOMA apititsireni mndandanda wa nyimbo zomwe zidzaimbidwe nthawi ikadalipo.

Ndalama

Werengerani zolipira zonse musanaike mtengo wa tikiti. Za pakhomo zokha kawirikawiri sizikwana, ndiye gulitsani tikiti imodzi ya masiku onse anayi pamtengo wotsikirako, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti mukhale ndi poyambira. Amalonda ambiri savomera kupereka ndalama, koma mwini loji atha kugoneka oyimba usiku umodzi, wa fotokope n'kusindikiza mapulogalamu, inu n'kuwatchula mayina. Sungani mzere umodzi waulere wa ana a sukulu. Pakhomo pakhale anthu awiri, ndipo ndalama aziwerengere limodzi.

Kulengeza sikufuna zambiri: zolengeza za m'matchalitchi ndi m'mizikiti, wailesi ya m'dera, magulu a WhatsApp, ndi chikalata pa msika.

Tsiku lenilenilo

Gawani mwambo pawiri, mphindi 40 mbali iliyonse, ndi kupuma kwa mphindi 15 pakati kuti anthu amwe tiyi ndi mandasi. Zida za nsambo ziyambe pamene makutu akadali atcheru, jazi itsekere. Ine ndimaona kuti mlendo wolemekezeka safunika pano. Akabwera, akhale pansi amvetsere ngati wina aliyense, chifukwa zolankhula zikayamba ola limatha.

Wotsogolera mwambo anene mawu awiri atatu nyimbo iliyonse isanayambe: anaipeka ndani, liti, ndi chomwe anthu atchere khutu. Afotokozenso za m'manja. Nyimbo ya Haydn ya anthu anayi nthawi zambiri imakhala ndi zigawo zinayi, ndipo oyimba akaima pang'ono pakati, sikuti atha. Pa jazi n'zosiyana: wa sakisofoni akamaliza gawo lake lodzipekera pomwepo, muombereni nyimbo ili mkati. Wina akaomba kapena kululutira posayenera, musamuyang'ane ndi diso loipa, apo ayi mwezi wamawa sabweranso. Mafoni okha ndiwo muwapemphe kuti atseke mawu.

Anthu asanabalalike, akumbutseni tsiku lotsatira, ndipo pakhomo pakhale kope loti ofuna kulandira uthenga alembemo manambala awo. Oyimba alipireni madzulo omwewo asanakwere galimoto, ndipo holo muisese, mipando ibwerere m'malo mwake, makiyi mukapereke kwa mlonda.