Kakamba kanasiya kudya: mmene ndinakonzera khola lake

Vuto linali kuzizira ndi kuuma. Mu June usiku wa ku Kasungu umazizira, ndipo kakamba kanali m'beseni pa simenti, kakungogona, maso otupa.

Ndinakhoma bokosi la matabwa, masentimita 90 mulitali, 60 mulifupi, 25 kupita m'mwamba, n'kuliika pa tebulo. Pansi ndinathira dothi lopanda feteleza lokuya masentimita 8, ndipo ndimaliwaza madzi m'mawa uliwonse. Utuchi ayi: umauma msanga komanso fumbi lake limalowa m'maso. Phale lovundikira ndiye pobisalira pake.

Babu lotentha la mawati 60 ndinalipachika pakona imodzi, masentimita 30 kuchokera pa dothi, kuti pansi pake pazifika madigiri 32, mbali inayo pazikhala pozizirirapo. Babu la LED musavutike nalo, silitenthetsa. Magetsi akazima ndimaikamo botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsanza.

Dzuwa la pawindo silithandiza chigoba, galasi limatchinga kuwala kolimbitsa mafupa. Choncho kamaothera panja mphindi 30, mthunzi uli pafupi, kenako kamakhala mphindi 15 m'madzi ofunda ofika m'chibwano. Chakudya ndi chisoso, nkhwani ndi udzu wanthete, owazidwa ufa wa makoko a mazira kawiri pa sabata. Pamwamba pa bokosi pali waya wa sefa chifukwa cha makoswe.