Momwe mungajambulire mayi ndi mwana ndi pastel potsata njira ya Mary Cassatt

Mary Cassatt anabadwa pa 22 Meyi 1844 ku Allegheny City, dera lomwe lero lili mbali ya mzinda wa Pittsburgh ku America, koma luso lake linakhwimira ku France. Anayamba kuphunzira zojambula ku Pennsylvania Academy of the Fine Arts, kenako n'kupita ku Paris, komwe sukulu yaikulu ya École des Beaux-Arts sinkalandira akazi. Ankaphunzira payekha kwa wojambula Jean-Léon Gérôme komanso pokopera zithunzi zakale ku nyumba yosungiramo zaluso ya Louvre. Mu 1877 wojambula mnzake Edgar Degas anamuitana kuti alowe gulu la ma Impressionist, ojambula omwe ankatsata kuwala ndi mitundu monga zikuonekera pa nthawiyo, ndipo anaonetsa nawo zithunzi mu 1879, 1880, 1881 ndi 1886. Iye sanakwatiwe ndipo analibe mwana, komabe dzina lake limamveka kwambiri chifukwa cha zithunzi za amayi ndi ana, zambiri mwa izo zojambulidwa ndi pastel, timitengo ta utoto wa ufa.

Musanagwire chilichonse, pezani pa intaneti zithunzi zake ziwiri za pastel: Nurse Reading to a Little Girl cha mu 1895, chomwe chili ku Metropolitan Museum ku New York, ndi Sleepy Baby cha ku Dallas Museum of Art. Zikulitseni pa kompyuta kapena pa foni. Muona kuti nkhope zake n'zomalizidwa mosamala, pomwe zovala ndi za kumbuyo ndi mizere yothamanga, ina yosakumana n'komwe. Njira yonse yagona pamenepo.

Zipangizo

Pastel ndi utoto wa ufa woumbidwa ngati choko. Gulani wofewa, osati wamafuta uja amafanana ndi makrayoni, chifukwa wamafutayo sasanjikizana bwino. Timitengo 24 mpaka 30 ndi tokwanira, bola mtundu uliwonse wofunika ukhale patatu: wakuda, wapakati ndi wowala. Chotsani mapepala okulunga n'kuthyola kamtengo kalikonse kuti katalike masentimita 3, kuti muthe kupaka ndi nsonga komanso ndi m'mbali.

Pepala likhale lokhakhala, lolemera pafupifupi magalamu 160 pa sikweya mita, la masentimita 50 m'lifupi ndi 65 m'litali. Losalala ngati la mu ofesi siligwira ufa. Likhalenso lamtundu, lotuwa mopita ku buluu kapena la khaki, chifukwa pa pepala loyera malo alionse amene simunapake amathwanima n'kusokoneza maso. Cassatt ankakonda mapepala otuwa otere, ndipo m'zithunzi zambiri pepalalo limaonekera pakati pa mizere.

Mufunikanso makala ofewa ojambulira, thabwa losalala, tepi ndi kansalu konyowa kopukutira zala. Yalani manyuzipepala atatu kapena anayi pansi pa pepala lanu kuti pastel asamagunde thabwa louma. Thabwalo liimirire, pamwamba pake paweramire pang'ono kwa inu, kuti fumbi lizigwa pansi osadetsa mbali zomwe mwamaliza.

Kukhazika anthu ojambulidwa

Mayi akhale pafupi ndi zenera limodzi, kuwala kubwere chammbali. Zimitsani magetsi, popeza kuwala kochokera mbali ziwiri kumabala mithunzi iwiri ndipo nkhope imaoneka yophwatalala. Mwana sakhazikika, choncho sankhani nthawi yomwe wangoyamwa kumene, akusinza, kapena akumvetsera buku. Mphindi 15 mpaka 20 zikakwana apumuleni. Ikani chizindikiro cha tepi pomwe pali miyendo ya mpando kuti pobwerera akhale malo omwewo. Ndipo sikuti ayenera kukhala mayi ndi mwana wake weniweni: Cassatt nthawi zambiri ankaphatikiza mayi ndi mwana osakhala pachibale, ndipo atagula nyumba ya Beaufresne m'mudzi wa Le Mesnil-Théribus ku France mu 1894 ankajambula anthu a m'midzi ya kumeneko.

Asayang'ane inu. Mayi ayang'ane mwana kapena ntchito yomwe ili m'manja mwake. Inu sunthirani pafupi mpaka anthu awiriwo adzaze pepala, ngakhale chigongono kapena mpando udulidwe ndi m'mphepete. Kudula kotere, komanso kuyang'ana anthu kuchokera pamwamba monga m'chithunzi chake cha The Child's Bath cha mu 1893, Cassatt anakulimbikira ataona chionetsero cha zithunzi zodinda za ku Japan ku Paris mu 1890.

Makala

Yambani ndi mizere yopepuka yozungulira anthu awiriwo ngati thupi limodzi. Mukatha apo lembani mitu, kenako malo amene matupi akukhudzana: tsaya pa tsaya, dzanja la mayi pansi pa ntchafu ya mwana, kadzanja ka mwana pa chibwano cha mayi. Oyamba kumene amajambula mayi payekha, mwana payekha, mapeto ake mwana amaoneka ngati chidole chomatidwa pamwamba. Pomwe dzanja lagwira, mnofu wa mwana uzioneka kuti wabonyoka pang'ono, ndipo phewa la mayi la mbali yonyamulayo lisafanane ndi linzake.

Miyezo ya mwana ndi yosiyana ndi ya wamkulu. Munthu wamkulu amatalika pafupifupi mitu 7 ndi theka, pomwe khanda ndi mitu 4 basi. Pa nkhope ya wamkulu maso amakhala pakati pa mutu, koma pa mwana amatsikira m'munsi pang'ono, mphumi n'kukhala yaikulu, mphuno yaifupi, khosi losaoneka kwenikweni. Mukakweza maso, mwana wa chaka chimodzi amasanduka kankhalamba. Mukakhutira ndi mizere, guguzani makala otsala ndi nsalu youma mpaka angotsala mofooka, apo ayi adzadetsa mitundu yowala.

Khungu

Apa ndiye pofunika kudekha. Pastel amapakidwa kuyambira wakuda kupita ku wowala, ndipo woyamba apakidwe mopepuka kwambiri moti pepala lizionekabe. Yambani ndi mithunzi: pansi pa chibwano, m'khosi, pakati pa zala, mbali ya nkhope yotalikirana ndi zenera. Musagwiritse ntchito wakuda bii. Ma Impressionist ankaona kuti mthunzi uli ndi mtundu wake, ndipo pa masaya ndi mikono ya ana a Cassatt mupeza mizere ya buluu ndi yobiriwira pansi pa pinki.

Anthu ake ambiri anali azungu, koma mfundo ndi yomweyo pa khungu lakuda. M'mithunzi ikani pepo wakuda kapena buluu wakuda wosakaniza ndi bulauni. Pakati ikani bulauni wofiirira ngati dothi la katondo, ndi olenji pang'ono pa masaya, m'makutu ndi m'nsonga za zala momwe magazi amaonekera. Powala penipeni, monga pamphumi ndi pa mphuno, khungu lakuda limabweza mtundu wa thambo, choncho buluu wowala kapena pepo wowala amachita bwino kuposa woyera. Woyera amapangitsa munthu kuoneka ngati wadzola phulusa.

Sakanizani mitundu posanjikiza mizere yaifupi yopendekera, gulu lina lidutse pa linzake mopingasa. Chala chisakhale chida chanu chachikulu. Kufikisa kumaphwanya tinjere ta utoto n'kutikanikizira m'pepala, kuwala kwake kumatha ndipo nkhope imaoneka ngati yapulasitiki. Fikisani pang'ono pa tsaya la mwana pokha, kenako bwezeranipo mizere ingapo yatsopano pamwamba.

Pepala wamba la pastel limalandira misanjiko itatu kapena inayi. Mukaona utoto ukuterera osagwira, ndiye kuti timaenje ta pepala tadzaza. Kuwonjezera pamenepo kumangobala matope. Tengani burashi youma yolimba, kwechani malowo mpaka pepala likhakhalenso, n'kuyambiranso. Labala wamba musamuyandikize, amasalaza pepala kotheratu.

Mfundo zowala kwambiri, monga kadontho ka m'diso ndi pa mlomo wam'munsi, zibwere komalizira, kamodzi kokha, mokanikiza.

Zovala ndi za kumbuyo

Apa fulumirani. Gwirani pastel chakumapeto, dzanja liyende kuchokera paphewa, mizere ikhale yaitali yotsata mapindidwe a nsalu. Ngati nsaluyo ili ndi maluwa, lembani ochepa pafupi ndi nkhope ndi manja, ena angokhala timadontho. Kumbuyo ikani mtundu wotsutsana ndi khungu, monga wobiriwira kapena buluu, ndipo ufike mpaka pa mzere wa tsaya. Mukasiya kampata kopanda utoto kuzungulira mutu, mutuwo umaoneka ngati wodulidwa ndi sizasi. M'munsi mwa pepala mutha kusiya osapaka. Ambiri amalephera kupirira, amafuna kudzaza ngodya iliyonse, ndiye diso la woonera limasowa pofikira.

Mphindi khumi zilizonse bwererani m'mbuyo mamita awiri, kapena yang'anani chithunzicho pagalasi lodziyang'anira. Diso lopendekeka limaonekera msanga mukatero.

Fumbi ndi kasungidwe

Musauzire fumbi ndi pakamwa, chifukwa mumalipumanso, ndipo mitundu ina imakhala ndi zitsulo monga cadmium ndi cobalt. Tulukani panja, gogodani kumbuyo kwa thabwa. Mwana asagwire timitengoto, ndipo sambani m'manja musanadye. Pastel akada chifukwa chokhudzana, muikeni m'kabotolo ka ufa wa mgaiwa kapena mpunga n'kukhutchumula pang'ono, atuluka woyera.

Mankhwala opopera otchedwa fixative amamata ufa, koma amadetsa mitundu yowala. Ngati muwafuna, poperani panja, pa mtunda wa masentimita 30, mopyapyala, pa msanjiko woyamba kapena wachiwiri, womaliza ayi. Sipuleyi ya tsitsi imasanduka yachikasu pakapita zaka. Posunga, phimbani ndi pepala losalala la glassine, chithunzi chigone chagada, osachipinda. Poika mu felemu gwiritsani ntchito galasi lenileni, popeza pulasitiki imakoka ufa, ndipo pakhale mpata wa mamilimita 5 pakati pa galasi ndi chithunzi. Pachikani kutali ndi dzuwa komanso khoma lachinyontho.

Mukafuna kuona mmene luso limeneli linasinthira, yerekezani zithunzi zake za m'ma 1890 ndi za cha m'ma 1910. Zomalizazo zili ndi mizere ikuluikulu ndi mitundu yolimba, pa nthawi yomwe maso ake anali atayamba kufooka. Ng'ala ndi matenda a shuga zinamusiyitsa kujambula cha m'ma 1914, ndipo anamwalira ku Beaufresne pa 14 Juni 1926.