Momwe mungagulire bwato lakale lokonzedwanso

Chaka chatha ine ndi amalume tinanyamuka ku Chipata kupita cha ku Mfuwe kukaona bwato la matabwa lomwe mwiniwake ankati walikonza lonse. Linali lowala, penti wabuluu akununkhabe. Ine mtima unali utagwa kale. Amalume anangotulutsa kampeni m'thumba, n'kugwada, n'kubaya thabwa lakumbuyo pomwe pamamangidwa injini. Mpeni unalowa ngati mu mbatata yophika. "Mphwanga, tiye tizipita," anatero, "apa tikanagula maliro." Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Bwato lakale si loipa. Ambiri timaligula chifukwa latsopano mtengo wake ndi wosayamba, ndipo lokonzedwa ndi mmisiri wodziwa limakhala zaka. Koma muyenera kusiyanitsa bwato lokonzedwa ndi bwato longopakidwa penti.

Yambani ndi mafunso musanalikhudze. Analikonza ndani? Anasintha matabwa angati, a mtengo wanji? Mlombwa umapirira madzi, pomwe paini amawola msanga. Ngati mmisiriyo ali pafupi, kachezeni naye panokha. Wogulitsa wokana kutchula mmisiri wake ali ndi chomwe akubisa.

Kenako litulutseni m'madzi, mulitembenuze dzuwa likuswa mtengo. Apa musathamange. Tengani kahamala muzigogoda thabwa lililonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Thabwa lamoyo limalira "ngo ngo", lowola limangoti "phu". Bayani ndi mpeni m'makona, pansi pa mipando, ndi pomwe nthiti za bwato zimakumana ndi matabwa apansi, chifukwa madzi amakonda kugona pamenepo. Yang'anani misomali: mzere wofiira wotsika pansi pa penti ukutanthauza kuti dzimbiri ladya msomali m'kati. M'mipata ya matabwa muzikhala thonje kapena chingwe chokhomeredwa bwino ndi phula pamwamba. Mukapeza phula lokha lounjikidwa ngati nsima, dziwani kuti anangotseka maso anu, osati mpata.

Ngati ndi bwato la faiba, aja timati banana, pondani pansi pake paliponse. Pofewa kapena ponyenyeka ndiye kuti magawo a faiba alekana. Papasani mzere wapansi ndi dzanja, poti mchenga wa Luangwa umapala pamenepo tsiku lililonse pokokera bwato kumtunda. Zigamba zisakuopseni, bola zikhale zogwira m'mphepete monse. Thabwa lakumbuyo nthawi zambiri limakhala ndi mtengo m'kati mwa faiba, choncho gwirani mwendo wa injini, mbali yotsikira m'madzi ija, muugwedeze mwamphamvu. Thabwalo likagwedezeka nawo, lawola.

Injini ili ndi nkhani yake, ndipo kawirikawiri ndiyo imadya ndalama zambiri kuposa bwato lenilenilo. Fikani m'mawa muikhudze kaye. Iyenera kukhala yozizira, chifukwa injini yotenthetsedwa kale imalira msanga ngakhale ili yotopa. Ikalira, onani kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo. Kakasowa, injini sikuzizira ndipo idzapsa. Masulani kabawuti ka oilo wa magiya pansi, mudonthetse pang'ono pachala: akaoneka ngati mkaka, madzi akulowa. Ine ndimakonda Yamaha Enduro ya 15 HP chifukwa amakanika ambiri amaidziwa ndipo zitsulo zake sizivuta kupeza. Ndipo musalole aliyense kuiliza ili pamtunda popanda madzi.

Tsopano libwezereni m'madzi, mukweremo ndi anthu komanso katundu wolemera ngati amene muzidzanyamula. Yendani ola lathunthu. Kapani madzi onse, lisiyeni usiku, mudzabwere m'bandakucha mwiniwake asanafike ndi chikapiro. Bwato la matabwa lomwe lakhalitsa padzuwa limadontha masiku oyamba mpaka matabwa atafufuma, koma madziwo azichepa tsiku ndi tsiku. Mumtsinje wodzaza mvuu ndi ng'ona ngati Luangwa, bwato lodontha si lochitira nalo chibwana. Ana a anthu ndi amene adzakweramo.

Mukakhutira, ndalama zisatuluke popanda kalata yogulitsirana. Mulembe maina, manambala a NRC, mtengo, ndi nambala ya injini monga ilili pachitsulo chake, pamaso pa amfumu kapena mboni ziwiri. Injini zakuba zimayenda kwambiri, ndiye nambala yofufutidwa ithaweni. Amene mukukagula ku Malawi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, sungani malisiti onse poti a ZRA, okhometsa msonkho, adzawafuna pa malire a Mwami, ndipo muwerengeretu ndalama ya lole. Kumbukiraninso kuti bwato la kunyanja ndi lolemera, pomwe Luangwa amaphwa kwambiri mu Okutobala.

Ngati bwatolo ndi la usodzi, laisensi yophera nsomba mukatenge ku ofesi ya Fisheries ya m'boma lanu, mufunsenso malo ololedwa, chifukwa m'kati mwa South Luangwa National Park simuphedwa nsomba. Chaka chilichonse boma limatseka usodzi m'madera ambiri kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Miyezi imeneyi ndi yabwino kukambirana mtengo, poti eni mabwato amakhala akufuna ndalama ya feteleza ndi ya sukulu, ndipo inu mumapeza nthawi yokhoma thonje latsopano Malichi asanafike.