Kasamalidwe ka injini zazing'ono za turbo kwa onyamula katundu ku Dedza

Aliyense amene amanyamula kachewere kuchokera ku Bembeke kapena ku Lizulu kupita naye ku Lilongwe waona kuti mapikapu atsopano akubwera ndi injini zazing'ono kusiyana ndi akale. Mu 2015, kampani ya Toyota inachotsa injini ya malita 3.0 mu Hilux n'kuikamo ya 2.8, ndipo ya 2.5 inalowedwa m'malo ndi ya 2.4. Isuzu ili ndi D-Max ya malita 1.9, pomwe Ford Ranger, imene inkadziwika ndi injini ya 3.2, inayamba kupezeka ndi ya 2.0 yokhala ndi maturbo awiri. Madalaivala ambiri amakayika ngati tiinjini timeneti tingakhalitse pa ntchito yolemetsa, ndipo ine ndimawayankha kuti tingakhalitse ndithu, koma sitipirira nkhanza zimene injini zakale zinkapirira.

Injini yaing'ono imapeza mphamvu zake chifukwa turbo imakankhira mpweya wochuluka m'masilinda, zimene zimachititsa kuti m'katimo muzitentha kwambiri komanso zitsulo zizipanikizika. Turbo imazungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo chimene chimaiteteza kuti isaperepeseke ndi kaoyilo kochepa kokuta shafiti yake. Kwathu kuno ntchito yake imakula, poti tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi wa ku Golomoti kapena kunyanja.

Choncho nkhani yonse iyambire pa oyilo. Gulani wa nambala imene yalembedwa m'buku la galimoto, monga 5W-30, ndipo musalole kuti akuthirireni 20W-50 pongoti ndi wotchipa kapena poti "wolimba ndiye wabwino", chifukwa oyilo wolemera amachedwa kufika ku turbo m'mawa. Injini zina zatsopano zili ndi lamba wa timing (amene amayendetsa mavavu pa nthawi yake) woyenda m'kati mwa oyilo momwemo, ndipo oyilo wolakwika amanyenya lambayo, tizidutswa take n'kutseka njira za oyilo. Galimoto yoyenda m'fumbi italemedwa ndi katundu tsiku ndi tsiku ndi bwino kuisintha oyilo ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 aliwonse, osadikira chiwerengero chachikulu chimene chinaikidwira galimoto zoyenda pa tala zopanda katundu.

M'mawa wa mu June ndi July, kukazizira mpaka zala kuuma, lizani injini n'kuisiya kwa mphindi imodzi, kenako nyamukani pang'onopang'ono osaponda moto kwambiri mpaka muvi wa kutentha utakwera pamalo pake. Mukafika kumene mukupita mutakwera chitunda ndi katundu, musathamangire kuzimitsa, koma ilekeni ilire yokha kwa mphindi ziwiri. Ndinaonapo turbo itamasulidwa pa galaja ina: makaniko anakanda njira ya oyilo ndi sikuludiraiva, ndipo munatuluka tinthu takuda touma ngati makala. Ameneyo anali oyilo wopserera chifukwa mwini galimotoyo ankazimitsa injini ikadali yamoto, ndipo ndalama ya turbo ina inadya phindu la maulendo ambiri.

Dizilo wa m'zigubu ndimamuopa kwambiri, ngakhale ndikudziwa kuti mafuta akasowa pamafilingi munthu amasowa pogwira. Mainjekita a masiku ano ali ndi timabowo tating'ono kwambiri ndipo amapopera dizilo mwamphamvu zedi, moti kadontho ka madzi, fumbi kapena palafini wosakanizidwamo amawaononga msanga. Ngati palibe kuchitira mwina, chigubucho chikhale kaye kuti zinyalala zidikhe, thirani kudzera pa sefa, ndipo zotsalira pansi musazithire mu thanki. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kampopi kokhetsera madzi, ndipo nyali yake ikayaka pa dashibodi khetsani tsiku lomwelo.

Pa katundu, pikapu ya tani imodzi inyamule tani imodzi, ndipo tigalimoto ta 660cc monga Daihatsu Hijet ndi Suzuki Carry tinapangidwira makilogalamu 350 okha, ngakhale m'misika mwathu timasenzetsedwa matumba a kabichi mpaka kumbuyo kukhala pansi. Pokwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, tsitsani giya injini isanayambe kunjenjemera, chifukwa kukoka katundu pa giya yaikulu injini ikulira motsika ndi kumene kumapweteka mabering'i ndi mapisitoni. Muvi wa kutentha ukayamba kukwera imani pambali, ndipo mu rediyeta muzikhala coolant (madzi a mankhwala oziziritsira injini), osati madzi a pa mjigo amene amasiya dzimbiri.

Fyuluta ya mpweya iziyang'anidwa sabata iliyonse m'chilimwe, makamaka kwa oyenda msewu wa ku Tsangano, ndipo ikang'ambika kapena kutsekeka igulidwe ina, poti fumbi lodutsa pamenepo limadya mapiko a turbo. Eni mapampu a m'madimba ndi zigayo za dizilo asakweze gavana (kachipangizo kolamulira liwiro la injini) n'cholinga chakuti kainjini kakoke pampu kapena chigayo choposa msinkhu wake, ndipo injini yatsopano aisinthe oyilo woyamba ikangogwira ntchito maola pafupifupi 20, chifukwa nthawi imeneyo ndi pamene tizitsulo tonyenyeka timachuluka mu oyilo.