Njoka pa dziwe la nsomba: zidziweni musanatole chibonga

Mvula ikagwa achule amachuluka, ndipo pamene pali achule njoka sizisowa. Alimi a nsomba ambiri akaona njoka m'dziwe amathamangira kupha, ena mpaka kuthira mankhwala a mbewu kapena petulo m'maenje a m'mbali. Chonde lekani zimenezi. Mankhwalawo amatsikira m'madzi n'kupha makumba ndi chilunguni chomwe mwavutikira miyezi yambiri.

Njoka zambiri zokhala m'madzi zilibe ululu woopsa. Pali ina yobiriwira, yowonda ngati chala, yosafika mita imodzi, imene imasambira masana kusaka achule. Anthu amaiyesa mbobo, koma ndi yofatsa. Ina ndi yoderako kumsana, yoyererako kumimba, imayenda usiku m'timitsinje ta madera ngati Mulanje. Vuto la ziwirizi n'loti zimadya tiana ta nsomba, makamaka mukangothira kumene mbewu ya nsomba m'dziwe.

Zoopsa ndi zina. Mamba amadzutsa mutu n'kufutukula khosi, ndipo wina amalavulira ululu m'maso. Mphiri ndi yonenepa, yamutu waukulu, imagona phee m'kanjira osathawa, n'chifukwa chake anthu ambiri amaiponda. Nsato musalimbane nayo nokha, itanani a zanyama zakutchire. Ngati simukuizindikira njokayo, bwererani m'mbuyo basi.

Ntchito yeniyeni ili pa chisikilo. Tchetchani udzu pa khoma lonse la dziwe kuti ukhale waufupi, koma musauzule poti ndi umene umagwira dothi. Chotsani milu ya miyala, zikuni ndi zinyalala pafupi. Tsekani maenje a mbewa ndi nkhanu ndi dothi la makande, potero mwatsekanso modonthera madzi. Pa paipi yolowetsa ndi yotulutsa madzi ikani waya wa maso aang'ono. Madeya musamawasiye pa dziwe, amaitana makoswe, ndipo makoswe amaitana mamba. Popita kudziwe m'mamawa kapena usiku valani majombo, tochi kumanja.

Munthu akalumidwa, musamange chingwe, musateme mphini, musayamwe bala. Mukhazikeni pansi, mumuvule mphete ndi zibangili, mwendo kapena mkono wolumidwawo usagwedezeke, ndipo mum'nyamule msanga kupita kuchipatala osayamba mwadzera kwina. Ululu ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, kenako mupite naye kuchipatala.