Masitazi kunja kuno: yambani ndi mapepala, dzina la yunivesite libwere pambuyo

Tikakumana Amalawi kuno ku Joni, kaya ndi potuluka m'tchalitchi kaya pa msonkhano wosonkha za maliro, sipalephera kupezeka wina wondikokera pambali n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ndikufuna ndipange masitazi. Yabwino ndi iti, Wits kapena UCT?" Ine ndimabweza ndi funso linzake: m'pasipoti mwanumo muli pepala lanji? Ena amakhumudwa, amayesa ndikuzemba. Komatu mwa mayunivesite a boma 26 a ku South Africa, amene angakulandireni ndi digiri imene muli nayo, pa fizi imene mungaikwanitse, ndi pemiti imene mwagwira, mwina ndi atatu kapena anayi basi. Mutu uzikupwetekani posankha pakati pa amenewo, osati pa mndandanda wa masukulu otchuka padziko lonse.

Tiyambe ndi fizi, poti ndi pamene ambiri amabwerera. Mu 1997 atsogoleri a mayiko a SADC anasainirana pangano la zamaphunziro, ndipo anasainira kwathu komwe, ku Blantyre. Panganolo limati wophunzira wochokera m'dziko la SADC azilipira ngati mwini dziko. N'chifukwa chake Mmalawi pa yunivesite ya boma kuno amalipira fizi yofanana ndi ya mwana wa ku Soweto, kungowonjezerapo kandalama kena ka ofesi ya ophunzira akunja, pamene mnzake wa ku Nigeria kapena ku Ghana amalipira zambiri. Masukulu a private panganoli siliwamanga. Ichi chokha n'chokwanira kuti muyang'ane kaye ya boma musanakopeke ndi zikwangwani za m'misewu. Pofunsa fizi, nenani poyera kuti ndinu wa SADC, ndipo funsani ngati akufuna ndalama yonse kapena gawo lalikulu musanalembetse, chifukwa masukulu ambiri ophunzira akunja sawalola kulipira pang'onopang'ono monga amachitira eni dziko.

Pemiti ndi nkhani ina. Study visa imatuluka ndi dzina la sukulu imodzi, ndiye simungaitenge ya Pretoria n'kukaphunzira nayo ku Durban. Imafuna medical aid yolembetsedwa m'dziko lomwe lino, osati inshuwalansi ya kumudzi, ndipo imalola ganyu ya maola 20 okha pa sabata. Amene munalowa ndi masiku a ulendo wamba, musadzinamize kuti mukangolandira kalata ya sukulu musintha pepala muli konkuno: lamulo limafuna mubwerere kumudzi mukafunsire visa kumeneko. Amene muli pa pemiti ya ntchito, musathamangire kuisiya. Lembani kalata ku ofesi ya ophunzira akunja ya sukuluyo, muwauze mtundu wa pemiti yanu, akuyankheni molemba ngati mungaphunzire nayo maphunziro a madzulo kapena a kumapeto kwa sabata. Safunsa anadya phula.

Abale athu a kutsidya kwa nyanja nawonso mfundo ndi yomweyi, malamulo okha ndi amene amasiyana. Ku UK fizi ya eni dziko imafuna zinthu ziwiri pamodzi: chilolezo chokhala mpaka kalekale, ndi zaka zitatu mukukhala komweko maphunziro asanayambe. Ngati kwatsala chaka chimodzi kuti zimenezi zikwane, kudikira kungakupulumutsireni mapaundi zikwizikwi. Dziwaninso kuti kuyambira January 2024 wobwera pa visa ya masitazi ya m'kalasi saloledwa kubweretsa mkazi, mwamuna kapena ana. Mwayi umenewo unatsalira a masitazi ya kafukufuku ndi PhD. Ku Germany mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, kupatula ndalama yochepa ya semesita, koma dera la Baden-Württemberg limalipiritsa ochokera kunja kwa EU mayuro 1,500 pa semesita, ndipo TU Munich nayo inayamba kulipiritsa mu 2024. Visa ya kumeneko imafuna muonetse ndalama ya chaka chonse, pafupifupi mayuro 12,000, mu akaunti yotsekedwa. Ku America yunivesite ya state ili ndi mitengo iwiri, wa okhala mu state imeneyo ndi wa obwera, ndipo wa green card amene wakhala chaka chathunthu ku Indiana amapindula ku Purdue kapena Indiana University kuposa kuthamangira California.

Tsopano digiri yanu. Apa ndi pamene mitima imasweka. Kuno ku South Africa maphunziro amaikidwa pa makwerero otchedwa NQF: digiri yoyamba ya zaka zitatu ili pa 7, Honours ndi Postgraduate Diploma pa 8, masitazi pa 9, PhD pa 10. Amene amayeza digiri yakunja n'kunena kuti ili pa khwerero liti ndi bungwe la SAQA, ndipo mayunivesite ambiri a boma sadzakulembani popanda kalata yawo. Munthu amati, "Ine ndinakhala zaka zinayi ku Chanco, ndiye ndilowa masitazi." Kalata ikabwera itaika digiriyo pa 7, ndiye kuti muyenera kudzera kaye pa Honours kapena diploma ya chaka chimodzi. Si chipongwe, ndipo chaka chimenecho sichitayika: ndi nthawi imene mumadziwana ndi aphunzitsi amene mawa adzakutengani pa kafukufuku wawo. Koma chiwerengereni pa bajeti kuyambira pachiyambi. Ku UK ntchito yomweyi amagwira ndi UK ENIC, ku America ambiri amadzera ku WES, ku Germany mafomu ambiri amadutsa ku uni-assist.

Onsewa amafuna chikalata cha magiredi a chaka ndi chaka, osati satifiketi yokha, ndipo ya MSCE ikhalenso pafupi. Kumbukirani kuti mu 2021 University of Malawi inagawidwa: Poly inakhala MUBAS, College of Medicine ndi KCN zinaphatikizana kukhala KUHeS, Chanco n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Bunda inachoka kale n'kukhala LUANAR. Ngati satifiketi yanu ili ndi dzina lakale, tumani m'bale wodalirika akafunse ofesi imene ikusunga mafayilo anu, ndipo muyambe zimenezi miyezi isanu ndi umodzi tsiku lotseka mafomu lisanafike.

Zimenezi zikalongosoka, njira za asayansi ndi abizinesi zimapatukana, ndipo malangizo a uyu sangathandize uyo.

Wasayansi sasankha yunivesite, amasankha munthu. Masitazi ya kafukufuku ndi zaka ziwiri muli m'manja mwa supavaiza mmodzi. Iye ndi amene ali ndi makiyi a labu, ndalama ya mankhwala ndi zipangizo, ndi mphamvu yonena kuti pepala lanu lapsa kapena likadali laliwisi. Supavaiza wabwino pa sukulu yosatchuka amaposa dzina lalikulu limene mwiniwake mudzamuona kawiri pa chaka. Tsegulani Google Scholar, muone zimene walemba m'zaka zitatu zapitazi, ndipo muone ngati mayina a ophunzira ake akupezeka pa mapepalawo. Ngati amangolemba yekha kapena ndi maprofesa anzake, dzifunseni kuti ana ake ali kuti. Kenako pezani mmodzi kapena awiri amene anamaliza m'manja mwake, muwafunse zinthu zitatu: anatenga zaka zingati, chaputala chikapita chinkabwera pakatha masabata angati, ndipo ndalama ya kafukufuku inkachokera m'thumba la ndani.

Mukayang'ana motere mudzaona kuti luso linamwazikana m'dziko lonse lino. Za nsomba, zimene ife a kunyanja zimatikhudza, likulu lake ndi yunivesite ya Rhodes ku Makhanda, kumene kulinso bungwe lofufuza zamoyo za m'madzi la SAIAB. Za ziweto ndi Onderstepoort ya University of Pretoria, sukulu yokhayo ya madokotala a ziweto m'dziko muno. Za HIV ndi TB yang'anani Durban, kumene University of KwaZulu-Natal imagwira ntchito ndi mabungwe a kafukufuku a CAPRISA ndi AHRI. Zokonza mbewu zatsopano zili ku Pietermaritzburg ndi ku Bloemfontein, ndipo ku Bloemfontein komweko, pa University of the Free State, kuli sukulu ya madzi a pansi pa nthaka. Migodi ndi miyala ndi Wits. Amasamu ndi a fizikisi asaiwale sukulu ya masamu ya AIMS ku Muizenberg, imene inayamba mu 2003 ndipo amene yawasankha imawalipirira zonse, malo ogona ndi chakudya chomwe.

Kalata yopita kwa supavaiza ikhale yaifupi. Tchulani pepala lake limodzi limene mwawerengadi, nenani chimene mukufuna kufufuza, mufunse ngati ali ndi malo ndi ndalama chaka chamawa. Kalata yoyamba ndi mbiri ya mavuto a kumudzi, ngakhale ali oona, nthawi zambiri siyankhidwa. Ku America funsani za assistantship, pamene mumaphunzitsa kapena kuthandiza mu labu, sukulu n'kukuchotserani fizi ndi kukupatsani kangachepe ka pamwezi. Ine ndimati PhD ya sayansi yodzilipirira nokha musaivomere.

Wabizinesi yekha ndi amene dzina la sukulu limamugwirira ntchito, chifukwa pa MBA, masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi, chimene mukugula kwenikweni ndi anthu okhala nawo m'kalasi ndi makampani amene amabwera kudzasaka antchito. Yang'anani zidindo zitatu za mabungwe ovomereza sukulu za bizinesi, AACSB, EQUIS ndi AMBA. Sukulu za bizinesi za UCT (University of Cape Town) ndi Stellenbosch zili nazo zonse. Yang'ananinso malo. Sukulu ya bizinesi ya GIBS ndi ya University of Pretoria koma ili ku Illovo, pafupi ndi Sandton. Ya Wits ili ku Parktown. Ya Stellenbosch ili ku Bellville. Ya Unisa ili ku Midrand ndipo ndi yothandiza amene sangasiye ntchito. Ngati mumagwira ntchito ku Joni, sukulu ya ku Cape Town idzakudyerani ndalama za ndege ndi malo ogona pa fizi imene m'masukulu otchukawa yadutsa kale R250,000. MBA ya kuno ili pa khwerero 9 la NQF, ndiye imafuna mukhale ndi pepala la pa 8, zaka zingapo za ntchito, ndipo ena amafuna mayeso a GMAT kapena NMAT.

Musanalipire, dzifunseni ngati MBA ndi imene mukufunadi. Ngati cholinga ndi kukaphunzitsa ku MUBAS kapena kupitiriza PhD, MCom, masitazi ya zamalonda, ndi yotchipa kwambiri ndipo ili ndi kafukufuku wozama. Ngati ndinu wowerengera ndalama, mabwana ambiri amayang'ana kaye ACCA, CIMA kapena umembala wa ICAM, bungwe la owerengera ndalama ku Malawi. Ndaonapo anthu atatenga ngongole ya MBA ali pa pemiti imene siwalola kusintha bwana, n'kumaliza ali pa mpando womwewo, malipiro omwewo.

Za thandizo la fizi ndinene mosabisa: kutchona kumatitsekera makomo ena. NSFAS, thumba la boma la kuno lothandiza ophunzira, si yathu. Ndalama za NRF, bungwe la boma lolipirira kafukufuku, 95 mwa 100 zimapita kwa nzika ndi okhala ndi chilolezo chokhazikika, ife a SADC timalimbirana 5 yotsalayo ndi dziko lonse lapansi. Commonwealth ndi Beit Trust amafuna anthu okhazikika kumudzi, ndipo Chevening imafuna mubwerere ku Malawi zaka ziwiri mukamaliza. Amene ali otseguka kwa ife a kuno ndi monga Mandela Rhodes, ya achinyamata osafika zaka 30, Canon Collins, ndi Mastercard Foundation pa UCT ndi Pretoria. Werengani mzere wonena za kumene muyenera kukhala musanataye masiku ndi mafomu.

Amene mtima uli kumudzi, onetsetsani kuti pulogalamu yeniyeniyo, osati sukulu yokha, ndi yovomerezedwa ndi CHE, bungwe la kuno loyang'anira maphunziro a ukachenjede, chifukwa mukabwerera NCHE, bungwe lathu la ntchito yomweyo ku Lilongwe, idzayang'ana zimenezo poyeza pepala lanu. Chaka cha sukulu kuno chimayamba February, ndipo mafomu a ophunzira akunja amatseka msanga kuposa a eni dziko, ena chaka chili pakati. Ngati mukufuna kulowa m'kalasi February ikubwerayi, fomu ya SAQA ipite mwezi uno.