Nsapato ya soli yachikopa: mmene mungaifewetsere isanakugwetseni pagulu

Achimwene anga akukwatira anandisankha kukhala bestimani, nde ine ndinati apa ndisachititse manyazi mtundu, ndinatuma msuweni wanga amene amakhala ku UK kuti anditumizire nsapato yeniyeni. Inabweradi, Oxford (mtundu wa nsapato ya zingwe yovalira suti) yakuda yopangidwa ku Northampton ku England, pansi pake chikopa chokhachokha chosalala ngati mbale yadothi. Ndinaisunga m'bokosi mpaka tsiku la ukwati ati kuopa ingade. Kutchalitchi ndinkayenda ngati andimangirira matabwa kumapazi, chidendene chikungovuka ndikaponda, ndipo titafika ku holo nthawi ya perekaniperekani matailosi atawapukuta bwinobwino, ndinangoti ndidule sitepe imodzi basi ndinapezeka ndili khale pansi, mbale ya ndalama ili uko. MC naye osandimvera chisoni kkkk. Usiku wake matuza awiri akuluakulu. Nde zomwe ndikulemba apazi ndinaziphunzira mochedwa, inu zisakuonekereni.

Choyamba mudziwe kuti kuuma kwakeko si vuto la nsapato, ndi mmene imapangidwira. Chikopa cha soli si chimodzimodzi ndi cha pamwamba chija, ichi ndi cha ng'ombe yaikulu, chokhuthala mamilimita 4 kapena 5, amachifufuta ndi makungwa a mitengo kwa miyezi yambiri, kwina mpaka chaka, kenako nkuchipsinja ndi makina kuti chilimbe. Ndiye ngati nsapato yanu ili yosokedwa mwa Goodyear welt, ngati zambiri za ku England zija (Church's, Crockett & Jones, Loake ndi zinzake), pansipo pali zinthu zingapo zosanjikiza: chikopa chomwe phazi limapondapo, kalamba kozungulira m'mbali komwe amasokererapo soli, cork pakati, ndi kachitsulo kapena kathabwa kobisika pakatikati pa phazi kuti nsapato isapindike pamenepo. Cork ndi khungwa lija amatsekera mabotolo a vinyo, lambiri limachokera ku Portugal, ndipo ndi lomwe limaphwatalala pang'onopang'ono nkutenga mawonekedwe a phazi lanu, nchifukwa chake nsapato zoterezi zimazunza poyamba koma zikazolowera simufunanso kuvula. Za ku Italy zambiri amasoka mwa Blake, ulusi umangoboola kuchokera mkati kufika pansi, zimakhala zopyapyala ndipo sizichedwa kufewa. Suzumirani mkati chakuzala uko, mukaona mzere wa ulusi ukuzungulira ndiye kuti ndi Blake, mwapepukidwa.

Mavuto alipo awiri ndipo anthu amawasakaniza: kuterera ndi kuuma. Kuterera kumatha lero lomwe, kuuma kumafuna masabata.

Za kuterera nzosavuta. Valani nsapatoyo mutuluke panja kukakhala kouma, mupeze simenti yokhakhala kapena msewu wa tala, muyendepo mphindi 10 kapena 15, pena nkumapotokola phazi ngati mukuzimitsa ndudu. Mukaitembenuza muona kuti kuwala kuja kwachoka pamalo opondera, pakhala tizikanda tambirimbiri, basi zatheka. Mtima umawawa poyamba kuona soli yokongola ija itakandika koma soli ndi yopondera aise, palibe amakuyang'anani kuphazi pansi. Ngati simukufuna kutuluka nayo gulani sandipepa ku hadiweya, wa nambala 80 kapena 100, mukhule mopepuka kutsogolo kokha pomwe pamagunda pansi, kulambalala mzere wa ulusi wa m'mbali uja. Ena amatenga lezala kapena mpeni nkumatema mizere pa soli, ine ayi sindingakuuzeni zimenezo, dzanja likangoterereka mwadula ulusi ndipo m'mabala akuyawo ndi momwe madzi amalowera. Ndipo olo mutakhula bwanji, chikopa pa matailosi onyowa kapena pa simenti yofiira yopakidwa Cobra chimaterera ndithu, muziponda mwaulemu.

Tsopano kuuma. Apa palibe chidule, chimene chimafewetsa soli ndi phazi lanu lomwe, kutentha kwake, kathukuta pang'ono ndi kupindika kobwerezabwereza pamalo amodzimodzi. Musanavale koyamba mutha kuithandizako ndi manja: dzanja limodzi mkati, lina ligwire kutsogolo, muipinde pang'ono pomwe zala zimayambira paja, maulendo 20 kapena 30, osati kuipinda pakati ngati chitenje ayi, pakati paja mpomwe pali kachitsulo ndanena kaja, mukakakamiza mwaononga nsapato yonse. Musapitirizenso muyeso chifukwa chikopa cha pamwamba chimachita makwinya, ndipo khwinya loyamba likakhala pamalo olakwika silichokanso. Bola makwinya enieni abwere phazi lili mkati.

Kenako muziivala m'nyumba. Tsiku loyamba theka la ola kapena ola limodzi basi, ndi sokosi yomwe muzidzavalira nsapatoyo, kapena yokhuthalako pang'ono ngati ikulowa osafinya. Koma kuvala mutakhala pa sofa mukuonera mpira sikuthandiza, soli imafuna kupindika, nde yendani, kwerani masitepe ngati alipo, imani ndi zala nkutsika, nyonyomalani kangapo ngati mukukoleza mbaula. Akunyumba akusekani, asiyeni. Mukangomva penapake payamba kutentha vulani pompo, musadikire kuti thuza lituluke chifukwa likatuluka mukhala sabata yonse osaivalanso, mwabwerera mmbuyo. Mawa lake isiyeni ipume. Izi anthu amaziona ngati zachibwana koma chikopa chimamwa thukuta, chimafuna tsiku lathunthu kuti chiume, ndipo chikamauma mpomwe chimasunga mawonekedwe atsopano aja. Ikanimo shoe tree (chinthu chooneka ngati phazi choika mkati kuti nsapato isakwinyike) ngati muli nayo, ya mtengo osati ya pulasitiki, apo ayi nyuzipepala zakale zofwinyafwinya zimagwira ntchito. Ulendo wachiwiri maola awiri, wachitatu mupite nayo kutchalitchi kapena kuofesi theka la tsiku nsapato yakale ili m'chikwama, muzionjezera choncho. Yanga ija inatenga pafupifupi masabata atatu ndikuvala modumphitsa tsiku, ina ya Blake yomwe ndinagula pambuyo pake maulendo anayi okha inali itagonja kale. Ya soli ziwiri zosanjikiza, zija zolemera ngati za asilikali, konzekani mwezi kapena kuposa.

Nkhani ya chidendene ndiikhalire pang'ono chifukwa ndi imene imasokoneza anthu ambiri. Mukamayenda chidendene nkumatukuka mkati mwa nsapato, maganizo oyamba amakhala oti ndagula yaikulu. Nthawi zambiri si choncho. Phazi likupindika koma soli ikukana, ndiye kumbuyo kwa nsapato kukutsalira pansi pomwe chidendene chikukwera, soli ikayamba kupindika vutolo limachepa lokha. Nde musathamangire kukasintha saizi kutenga yaing'ono, mudzalira. Mangani zingwe zolimba bwino mpaka kabowo komaliza, matani pulasitala pachidendene musanavale osati mutatupa kale, ndipo polowetsa phazi masulani zingwe mugwiritse shoehorn (kachida kolowetsera chidendene), olo supuni yaikulu ya kukhitchini, kusiyana nkupondereza kumbuyo kuja mpaka kuphwanyika. Koma ngati chidendene chikuvukiratu ngati patapata, kapena zala zikugunda kutsogolo, imeneyo ndi saizi yolakwika basi. Chikopa chimatambasukako m'mbali pang'ono, m'litali sichitalika olo mutapemphera. Muzindikire zimenezi mukadali pa kapeti kapena pamkeka musanakhule soli, poti yokandika kale wogulitsa sangailandirenso. Poyesa nsapato pitani masana kapena madzulo, mapazi amakhala atatupako.

Pali malangizo ena omwe mumva kwa anzanu, ine ndinawamva onse nditagwa muja. Wina akuti iviikeni m'madzi muyende nayo yonyowa, wina akuti pakani mafuta ophikira, wina Vaseline, wina parafini, wina akuti iwambeni pamoto. Zonsezi zisiyeni. Madzi amafewetsadi chikopa koma soli yonyowa imadyeka msanga kwambiri pa miyala, ndipo ikauma mofulumira imauma gwa kuposa poyamba mwinanso kung'aluka. Mafuta ophikira amanunkha pakapita nthawi, amamasula guluu, ndipo mwaonjezera kuterera komwe mumathawa kuja. Alipo mafuta opangidwira soli yachikopa, mukawapeza pakani kamodzi mopyapyala ndi kansalu, mugoneke nsapato cham'mbali usiku wonse, ndipo akalowa bwino mpamene mungavale. Mukachulutsa soli imachita lobodo nkutha msanga. Mukapanda kuwapeza musadandaule, kuyenda kokha nkokwanira. Polishi wa Kiwi ndi wa pamwamba ndi m'mbali mwa soli, pansi ayi.

Maulendo oyambawo ayenera kukhala a pouma. Soli yatsopano imamwa madzi kwambiri, koma ikayenda kangapo pouma timchenga timalowerera m'chikopamo nkupanga kachikhungu kolimba komwe kamatetezako. Ndiye ngati mwagula mu Disembala kapena Januwale mvula ili pakati, ifewetsereni m'nyumba ndi pakhonde. Ikakupezani mvula panjira, mukafika pukutani matope, ikanimo nyuzipepala nkumasintha zikanyowa, igonekeni cham'mbali kuti pansi pazipita mphepo, kutali ndi mbaula, kutali ndi dzuwa la masana, masiku awiri osaikhudza.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse ndi loti kodi ndimatitse labala pansi? Okonda nsapato enieni amakana, amati chikopa chizipuma komanso kamvekedwe kake poyenda nkosiyana. Zoona, koma iwowo amatsika galimoto nkulowa mu ofesi ya kapeti. Ife oyenda wapansi kuchokera pa siteji ya minibasi, fumbi, miyala, ngalande, soli yachikopa yokhayokha siikhalitsa. Ine ndimamatitsa. Kalabala kake kamadziwika ndi dzina loti Topy, kampani ya ku France, Vibram nawonso amapanga, nkopyapyala mamilimita osafika awiri ndipo amamata kutsogolo kokha. Chofunika nchoti muyambe mwaivala kaye maulendo asanu kapena kuposa soli ipindike, kenako mupite nayo kwa osoka nsapato, chifukwa mukamata idakali gwa mwangoonjezera kuuma. Ndipo mukafika mulongosole bwinobwino, muwauze kuti bambo ndikufuna kalabala kopyapyala, osati chidutswa cha tayala, musakhome misomali kutsogolo, ndipo pokhula musafike pa ulusi. Muone kaye ntchito yomwe anachitira ena musanasiye nsapato yodula. Muyang'anenso kunsonga kwenikweni, soli ikakhala youma nsonga ndi imene imakhula pansi ndipo imadyeka masabata oyamba omwewo, kachitsulo kakang'ono kapena kalabala pamenepo kamapulumutsa zambiri.

Za pa kaunjika nkhani yake ndi ina pang'ono. Mumapezeka nsapato zabwino zedi za soli yachikopa zomwe mwini wake anavala kawiri nkuzisiya, koma zakhalitsa osavalidwa ndiye chikopa chinauma ndi ukalamba osati utsopano. Ipindeni pang'ono pamaso pa wogulitsa, mukaona timing'alu kapena mukamva kuthetheka isiyeni. Dinani ndi chala chachikulu pakati pa soli, pakabonyoka ngati siponji ndiye kuti yatha mkati olo kunja ikuoneka bwino. Yomwe inavalidwa kwambiri cork yake inatenga kale phazi la munthu wina, lowetsani dzanja mumve ngati muli maenje a zala, akakhala akuya phazi lanu silidzakhazikikamo bwino.

Ngati nsapatoyo ndi ya ukwati, chinkhoswe kapena intavyu, werengani chobwerera mmbuyo: ikhale m'manja mwanu kutatsala mwezi, sabata yoyamba m'nyumba, yachiwiri ndi yachitatu panja pouma modumphitsa tsiku, labala mumatitse kutatsala masiku angapo kuti guluu agwire, ndipo dzulo lake muiyese pa matailosi enieni mukuvina sitepe yomwe mukadule ku holo. Pulasitala awiri m'thumba la jekete, ndipo nsapato yakale ija ipukuteni ikhale m'galimoto ya akwati.